Imvi za ku Ndake

Nyampande,
P.O. Petauke,
Northern Rhodesia.
26 Okutobala, 1959.

Okondedwa alongo anga amake Christabel,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu pamodzi ndi alamu ndi ana onse kumeneko ku Wanki. Ngati muli bwino, ndiye kuti Mulungu akumva mapemphelo athu. Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa la chaka chino latiwamba ndithu, ndipo madimba a kudambo auma msanga. Alamu anu a Dainess chifuwa chija chinawasiya. Mbuzi yanu yamawanga inaswa, kamwana kake kali bwino, koma kali ndi mwano wolowa m'nyumba za eni.

Kalata ino ndailemba mofulumila chifukwa ndamva kuti Wiseman, mwana wa aSakala, akwela basi sabata ino kubwelela ku nchito kwanuko, ndipo pakamwa pake mupadziwa. Ndafuna kuti nkhani ya ku Ndake muimve kwa ine mwini wake, mwadongosolo lake, isanamele miyendo ndi mchila. Poyamba khazikani mtima pansi: ukwati wa mwana wanu Christabel ulipo, sunafe. Zotsalazo muwelenge muli nokha, alamu ali ku mgodi.

Alongo, inu ndinu woyamba m'mimba ya amama, tsono ndinu mboni. Pambuyo panu ndinabwela ine, pambuyo panga Febby amene anatisiya ali wakhanda, ndipo pomalizila Vitalis. Vitalis ndinamubeleka ine pamsana uno amama ali kumunda, ndipo zimene anali kuchita pamsanapo muzikumbukila, pakuti munali kuchapa ndinu. Sindilemba izi chifukwa ndiganiza kuti mwaiwala ai. Ndilemba chifukwa padziko pano mwatsala inu nokha wodziwa kuti wamkulu ndani.

Pamene munachoka kuno, Vitalis anali ndi imvi za apa ndi apo. Mukamuona lelo mudzagwada musanamuzindikile. Mutu wonse mbee ngati munda wa thonje, ndevu zomwe. Mano akutsogolo anawasiya pamsewu tsiku lija anagwa panjinga akuchokela ku mowa, ndipo chimupondele ng'ombe ya aSakala amayenda ndi ndodo. Zonsezi wazipeza mwa kusasamala kwake. Koma akafika pamalilo anyamata amakanganilana kumupatsa mpando, ndipo akangotsokomola anthu amakhala chete kuyesa kuti kukubwela mau anzelu. Ine mutu uli bii ngati kunsi kwa mphika, mano onse alipo, msinkhu ndi uja munausiya. Mwezi watha mphunzitsi watsopano anafika pakhonde la sitolo pamene ndimasokela, nandifunsa kuti, "Iwe, atelala apita kuti?" Pamenepo n'kuti ndili pa makina, phazi lili pa chopondela.

Musaganize kuti ukalamba unandilambalala. Unabwela, koma unalowela kuseli kwa nyumba ngati mkamwini wamanyazi. Maondo amalila ngati chitseko cha chalichi. Ndikagwada popemphela, anzanga amafika pakati pa nyimbo ine ndikali kufuna njila yoimilila. Tsiku lina ndinakalipila Dainess m'mawa wonse kuti wandisoweletsa tepi yopimila, iye ali phee kundiyang'ana, osandiuza kuti ili m'khosi mwanga. Boola la singano nalo linasamuka, sindidziwa kumene linapita. Christabel ndiye amandilowetsela ulusi m'masingano m'mawa uliwonse asanapite kumadzi, nawabaya mumzele pa kansalu kuti ndizingotenga. Mwachidule, ukalamba wa Vitalis uli padenga pamene aliyense wopita m'njila amauona, koma wanga uli m'nsanamila, m'mene mumadya chiswe. Ululu ndi wanga, ulemu ndi wake.

Iye pamudzi pano ndi atate ake Jonas, ndipo tsopano pakhomo pake padzala adzukulu omuitana ambuya. Ine ndine aTelala. Pa ichi sindionjezela mau, inu mudziwa mmene Mulungu anatigawila ine ndi Dainess.

Chimwalilile amalume, mbumba ili m'manja mwanga. Christabel munandisiila asanagule mano, ndipo palibe dilesi imene anavalapo yosokedwa ndi munthu wina. Tsono mpando wa nkhoswe yake ndi wanga. Sindinaupemphe kwa munthu, ndipo sindikhulupilila kuti ndidzakhalanso pa wina wotele.

Monga ndinakulembelani m'kalata yapita ija, mnyamatayo ndi Josiah wa ku Ndake, amene amagwila nchito ya msewu wa Boma kufupi ndi Nyimba. Titatha kukolola, anatumiza amalume ake, aGideon Daka, kudzafunsila. ADaka anali mesenjala wa Boma kale, ndipo mpaka lelo amayenda ngati akali ndi lamba wamkulu m'chiuno. Ine ndinakonzeka bwino lomwe. Mpando wandalema ndinausokela nsalu yatsopano ya khaki, bwalo ndinasesetsa mpaka kuseli kwa nkhokwe, jekete ndinasita, ndipo mau oyankha ndinawayeseza kwa masiku angapo ndili ndekha kudimba.

Tsiku lomwelo m'mawa Vitalis anabwela kudzabweleka singano yosokela masaka. Singano ndinamupatsa, koma iye ataona mpando anati, "Akulu, uwu ndiye mpando! Taimani ndiuyese msana." Ndinangolowa m'nyumba kukavala jekete. Potuluka ndinapeza alendo afika, aDaka atsika panjinga, ndipo maso awo ali pa mutu woyela uja uli pampando wanga.

Ndinayandikila ndi manja awili kuti ndiwalandile. Iwo osandiyang'ana n'komwe anandipatsa njinga.

"Mnyamata, kaiike pamthunzi iyi. Usaigoneke, ili ndi belu watsopano."

Alongo, ndinaitenga. Musandifunse chifukwa chake. Munthu akakupatsa njinga manja amalandila okha. Ndinakaitsamiza pa mtengo wa mango, ndinaika ndi kamwala kuti isagubuduke, ndipo pobwelela ndinapeza aDaka atagwada pamaso pa Vitalis akuomba m'manja kupeleka moni.

"Muli tyani, a mdala?"

Vitalis anatsokomola chifuwa chija chimene alibe, nayankha ndi mau onjenjemela ngati munthu amene anaona nkhondo ya Angoni ndi maso ake. Ine ndinakhala pa chitsa. Nditayesa kulowetsapo mau kuti, "Pepani aDaka, pakhomo pano," iwo anakweza dzanja nati, "Tidikile, mwana wanga, akulu ayambe alankhula." Tsono mau anga onse aja ndinayeseza kudimba anangomva ndi mbewu za mpilu.

Chimene chinandipweteka koposa chinabwela pa chakudya. Dainess anapha tambala wanga wofiila uja. Mbale itafika, aDaka anafufuza nthutumba, naikankhila kwa Vitalis monga mwa mwambo, kuti ndi ya wamkulu. Nthutumba ya tambala wanga, m'mbale yanga, pakhomo panga, kupita kwa munthu wopanda mano akutsogolo! Anaiyendetsa m'kamwa uku ndi uku kufuna pogwila, ine ndili ndi khosi la tambalayo m'manja ndikupenya.

Alendo atapita ndinamufunsa. Iye anati, "Akulu, kodi ndinanama? Ine sindinanene kuti ndine wamkulu."

"Nanga sunanene bwanji kuti ndiwe wamng'ono?"

"Sanandifunse. Ndiponso nkhani yayenda bwino. Inu mukanayamba kuwafunsa mnyamatayo kutalika kwa mwendo wake ndi kukula kwa chiuno."

Dainess m'malo mondithandiza anaseka mpaka kugwila chipupa. Anati, "AMwanza, akazi onse a pamudzi pano amandichitila nsanje kuti ndili ndi mwamuna wosakalamba, inu mukulilila imvi? Vitalis mkazi wake akamayenda naye anthu amayesa akupelekeza apongozi kuchipatala." Ndinamuuza kuti nsanje ya akazi sinandikhazikepo pampando. Ndipo mau akuti nsanje sindiwakonda. Ine ndilibe nsanje ndi Vitalis, ndimangofuna kuti zinthu zikhale m'malo mwake.

Tinapangana ndi aDaka kuti mwezi uno ife tidzapita ku Ndake kukaona pakhomo pa mnyamata ndi kukapeleka yankho. Mtima wanga sunagone. Ndinaona kuti ndikapita mmene ndililimu adzandipatsanso njinga, ndipo pa tsiku la ukwati adzaimilila ndi Vitalis kulangiza mwana amene ndalela ine. Tsono ndinaganiza kuti poti imvi zachedwa, ndizichingamile panjila.

Ndinayamba ndi choko cholembela pansalu, koma chinali kuyoyoka ndikangogwedeza mutu. Phulusa linandiyabwa, ndipo mtundu wake unali wa munthu wogona kukhitchini, osati wa nkhalamba. Chimene chinakhala bwino ndi ufa woyela, utayamba wapaka timafuta ta nsatsi kuti ugwile. Ndinayesa pang'ono chabe pamwamba pa makutu ndili ndekha, ndipo kunena zoona, alongo, ndinaona nkhope ya atate. Ndinaima nthawi ndithu ndikudziyang'ana.

Loweluka lapitali tinakwela lole ya sitolo yopita ku Nyimba, ine ndi Vitalis. Ufa ndinamanga pa kansalu, mafuta m'kabotolo, ndi kachibenthu ka kalilole m'thumba la jekete. Titatsika pa Nyimba ndinamusiya Vitalis akutsutsana mtengo ndi amai ogulitsa nthochi, ine ndinazemba kupita kuseli kwa sitolo.

Cholakwa chinali cha kalilole. Kanali kakang'ono, koonetsa mbali imodzi ya mutu pa nthawi imodzi. Ndikapaka kumanja, ndikayang'ana kumanzele ndipeza kwachepa. Ndikaonjeza kumanzele, kumanja kwatsalila. Muzidziwa zimene zimachitika telala akayamba kulinganiza miyendo ya buluku ndi sizasi, kudula uku, kudula uko: mwini wake amabwela kudzatenga kabudula. Pamene mbali ziwili zinalingana, ndinaona kuti pakati pada mochititsa manyazi, ndiye ndinapakaponso. Kansalu kanatha. Ndinavala chipewa, ndinachikanikiza mpaka m'makutu.

"Akulu, chipewa chotelo ndi dzuwa ili?" anatelo Vitalis.

"Yenda," ndinatelo ine.

Kutentha kwa ku Nyimba mwezi uno mukukudziwa, si kwa kuno kwathu. Tinayenda wapansi, ndipo Vitalis ndi ndodo yake anali kuima pa mthunzi uliwonse. Thukuta linayamba m'chipewa. Ndinamva kanthu kakutsika pang'onopang'ono kuseli kwa khutu, koma sindinayese kuvula.

Tinapeza anthu atasonkhana pakhomo pa amake Josiah. Mpando wabwino unali umodzi, ndipo musafunse amene anakhalapo. Pansi pa nkhokwe panali nkhuku yaikazi yonona, yomangidwa miyendo, kudikila kuti nkhani ithe bwino. Ndinati mumtima, nthawi ndi ino. Ndinaima pakati pa bwalo, ndinawelama mwaulemu, ndinavula chipewa.

Maso onse anagwela pamutu panga.

Alongo, pokonzeka ponse paja ndinaganizila za mafuta, za mphepo, ngakhale za mvula, koma ndinaiwala chinthu chimene ngakhale mwana amadziwa. Kwathu kuno munthu sayenda ndi ufa pamutu popanda chifukwa. Amathilidwa ufa ndi munthu amene wapambana mlandu kapena watuluka m'ndende. Ndipo zimene zinali pamutu panga sizinali imvi ai. Unali ufa woonekelatu, wina utasanduka phala ukutsika m'masaya, wina ukugwela pamapewa a jekete.

Amake Josiah ndiwo anayamba. Anaimba nthungululu yoboola makutu, nathamangila m'nyumba akufuula kuti, "Apambana! Alendo athu apambana mlandu!" Asanathe mau anatuluka ndi lichelo la ufa nandikhuthulila lonse pamutu. Azimai ena anayamba kuvina mondizungulila, kufumbi kobo. Nkhuku za pamudzi zinabwela kudzajompha pa nsapato zanga. Mnyamata wina wa ndevu anandigwila dzanja mwamphamvu nandinong'oneza kuti, "Tili pamodzi, bambo. Anakusungani kuti, ku Fort Jameson?" Mudziwa mmene zinthu zilili chaka chino, anthu ambili atengedwa chifukwa cha misonkhano yokana Chitaganya, tsono iye anayesa ndine mmodzi wa iwo. Ine amene ndikaona mesenjala ndimavula chipewa akali kutsidya kwa mtsinje!

Munthu mmodzi yekha sanaseke kapena kuvina: aDaka. Anaimilila, nakweza dzanja lija, ng'oma ya pakamwa inaleka.

"Nkhuku iyo isaphedwe," anatelo.

Kenaka anatembenukila kwa Vitalis. "A mdala, ife tinabwela kwanu poyela. Simunatiuze kuti pakhomo panu pali milandu. Josiah amadya za Boma. Kapitao wake akangomva kuti wakwatila kwa anthu a misonkhano, mailo lomwe nchito yatha. Ngati ndi mlandu wa kuba kapena wa mkazi wa mwini, tiuzeninso, tidziwe mtundu umene tikulowamo. Popanda kumva bwino, mau athu aja tiyamba tawabweza."

Amake Josiah anaika lichelo pansi. Josiah mwini wake anali chiimile pafupi ndi nkhokwe, atavala malaya oyela amene ndikhulupilila anabweleka, nkhope itagwa. Ndinaganiza za Christabel, amene m'mawa mwake anatipelekeza mpaka kumsewu, nandikonzela kolala ya jekete kawili konse.

Ndinayang'ana Vitalis kuti mwina anena kanthu. Mapewa ake anali kugwedezeka. Anthu anayesa ndi chifuwa cha ukalamba, mai wina mpaka anamubweletsela madzi. Ine ndinabeleka munthu ameneyu, ndidziwa mmene amasekela.

Ndikanatha kukhala chete, alongo. Kunena zoona, kwa kanthawi ndinaona kuti kutchedwa kaidi kuli ndi ulemu kuposa kunena chimene ndinachita kuseli kwa sitolo. Koma aDaka anafunsanso Vitalis, ndipo anafunsa motele:

"Nenani, a mdala. Mwana wanuyu anapalamula chiyani?"

Mwana wanuyu!

Sindidziwa mmene mau anatulukila. Ndinati, "ADaka, ine sindine mwana wa uyu. Uyu ndi mng'ono wanga, ndinamubeleka pamsana. Ine ndine Abednego Mwanza, malume wake wa Christabel, ndipo ndamulela ndine. Ndende sindiidziwa, pabwalo la milandu sindinaimepo, kumisonkhano sindipita chifukwa ndimaopa. Ufa uwu ndadzipaka ndekha pa Nyimba, kuseli kwa sitolo, ndi mafuta a nsatsi, kuti muone imvi muleke kundipatsa njinga."

Polankhula, ufa unali kufuka pakamwa panga ngati utsi.

Kenaka agogo ena aakazi amene anakhala pamphasa anayamba kuseka, kuseka kopanda mau, kongogwedeza thupi, mpaka anagona chammbali. Basi bwalo lonse linaphulika. Mnyamata wa ndevu uja anachoka mokhumudwa. Amake Josiah anagwila m'chiuno nati, "Mayo ine, ufa wanga wokonola ndekha! Bambo, musagwedeze mutu, taimani ndibweletse lichelo tiwoleko wina."

Vitalis ataona kuti zafika pamenepa, anapukuta misozi, nanyamuka pampando, nakhala pansi pafumbi, ndodo pambali. Anaomba m'manja nati, "Ndi zoona, aDaka. Awa ndi akulu anga, ndiwo eni mbumba. Atate pomwalila anatigawila chuma: ine anandisiila imvi, iwo anawasiila nzelu ndi mano. Lelo lokha nzelu anaziiwala kunyumba." Anthu anasekanso. Muone mmene alili munthu uyu, alongo. Ngakhale pogonja amafuna kuti anthu akondwele ndi iye.

ADaka anandiyang'ana. Ndinaona milomo yawo ikulimbana ndi ulemu wa umesenjala. Anafunsa kuti, "Nanga bambo, tsiku lija simunanene bwanji?"

Ndinati, "Munali mutandipatsa kale njinga."

Pamenepo anagonja, anaseka mpaka kukhosomola. Atatha anagwada, maondo awo analila mofanana ndi anga, naomba m'manja. Anati, "Pepani ngako, aMwanza. Khalani pampando. Ine ndaona ankhoswe ambili, ena amathawa mlandu woyamba ukangobuka m'banja. Koma amene wayenda kuchokela ku Petauke ndi phala m'chipewa chifukwa cha mwana, ameneyo sadzathawa. Iphani nkhuku!"

Ndinakhala pampando uja ndili mbuu ngati chinyau, ndipo mau anga onse a kudimba ndinawanena, osasiyako ngakhale amodzi. Ena anati ndinatalikitsa. Ndinafunsa za nyumba ya ku kampu ya msewu, za chalichi chimene Josiah amapemphela, ndi ngati amamwa. Zonse anayankha bwino. Mnyamatayo ndi waulemu, pakuti pa anthu onse aja ndi yekhayo amene anapita kukasekela kuseli kwa nkhokwe.

Nthutumba inabwela kwa ine. Ndikuuzeni zoona, inali yolimba, ndipo sinakome monga ndinali kuganizila zaka zonsezi. Vitalis anali kuiyang'ana. Sindinamugawile.

Tsono mwina mukuti nkhani inatha bwino ndipo mtima wanga uli m'malo. Dikilani. Tinagona komweko, ndinasamba mmene ndikanathela, ndipo m'mawa tinabwelela pa Nyimba kudikila lole. Itafika, dalaivala anatsika, nayang'ana ife awili, natsegula chitseko cha kutsogolo.

"Mdala akhale muno. Iwe kwela pamasaka."

Vitalis anakweladi, natulutsa mutu pawindo nati, "Akulu, ufa watsalako?" Ndinafika ku Petauke fumbi lili m'mano, iye akudya nthochi ndi dalaivala. Ndiponso ndamva kuti ku Ndake konse tsopano akunditcha aMwanza a Ufa, pamene iye akali a mdala. Mpando ndinaupeza, koma dzina labwino linapitanso kwa iye.

Kunyumba nkhani inali itafika kale, sindidziwa inakwela chiyani. Dainess anangoteleka madzi, nandikhazika pa chitsa kuseli kwa nyumba, nayamba kunditsuka mutu ndi sopo, pakuti mafuta a nsatsi sachoka ndi kusamba kumodzi. Ndinali kumumva akubisa kuseka kumbuyo kwanga. Ali pakati anaima nati, "AMwanza, pali kena apa kakukana kuchoka." Anapakanso sopo, anatsukuluza, kali pomwepo. Ndisanafunse kuti n'chiyani ndinangomva kuti thwa pamwamba pa khutu.

Anandiikila m'dzanja. Imvi, alongo. Yeniyeni, yomela yokha, yoyela kuyambila kumuzu mpaka kunsonga. Yoyamba pa moyo wanga wonse, ndipo mkazi uyu anaizula.

"Wachitanji?" ndinafuula.

"Ndimafuna muione. Mukanaiona bwanji ili kumutu, ndi kakalilole kanu kaja?"

Sindinamulankhule mpaka madzulo. Wafufuza mutu wonse mailo ndi lelo, akuti palibe ina.

Christabel anatipeza ndikali chikhalile pa chitsa, imvi ili m'dzanja. Ndinayesa kuti adzachita manyazi ndi ine, pakuti ndi iye amene adzakhala pakati pa anthu a ku Ndake ndi dzina limeneli. Anagwada pambali panga, naiyang'ana, nati, "Amalume, musavutike ndi ufa. Mulungu akandipatsa mwana, ndidzabwela naye kuno asanapite kwina kulikonse, ndipo mau ake oyamba adzakhala ambuya. Tidzaona ngati aDaka adzapatsa ambuya njinga." Ndinamuuza kuti apite akaone mbuzi. Sopo anali atandilowa m'maso.

Tsopano zopempha. Ukwati tapangana kuti ukhale mvula ikatha, anthu atayamba kudya zam'munda. Muyambe lelo kuwanyengelela alamu kuti apemphe tchuthi. Dilesi ndayamba kale kudula, ndipo sindilola telala wina kuikhudza. Pobwela mundifunileko magalasi a maso kumeneko, aja amagulitsa m'sitolo za amwenye, oyenela munthu wa zaka zanga, osati za Vitalis. Josiah akuti adzamutenga Christabel kukakhala ku kampu ya msewu, sadzakhala pano chikamwini monga kale. Ndavomela, ndi mmene dziko layendela. Koma m'mawa uno ndinayang'ana kansalu kaja ka masingano, onse ali mumzele ndi ulusi wake, ndipo ndinaona kuti ndiyenela kuphunzila kulowetsa ndekha nthawi ikalipo.

Wiseman akafika ndi nkhani yake, mumvele chabe. Akanena kuti nkhuku zinandikwela pamutu, ndi bodza, zinalekela pa nsapato.

M'kapepala kakang'ono kamene ndapinda pakati pa kalata ino muli imvi ija. Mutsegule mosamala, kutali ndi mphepo ndi ana. Muione inu amene mudziwa chaka chimene ndinabadwa, muwaonetsenso alamu ngati mufuna, koma za ufa musawauze. Mukatha muibweze ndi kalata yanu, kapena mubwele nayo pa ukwati. Musaitaye, alongo. Vitalis ali nazo zodzaza mutu ndipo sazisamala n'komwe. Ine ndili ndi imodzi yomweyi.

Dainess akupeleka moni. Vitalis akuti ndikupatseni moni, ndapeleka. Christabel ali pano akusoka mpendelo wa chitenje chake, akuti muuze amama kuti ndili bwino ndipo amalume akundisunga. Moni kwa alamu ndi ana onse, aliyense ndi dzina lake. Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane maso ndi maso, mudzandiuze nokha ngati ndakalamba.

Ndine mlongo wanu,
wachiwili kubadwa, nkhoswe ya Christabel,

Abednego Mwanza.